Amuna anga ndi wapolisi, asiya kugona ndipo asiya kupemphera: tipite kuphiri kapena kuchipatala?

Funso: Amuna anga agwira ntchito ya upolisi zaka zoposa 10. Anali m'gulu la amene ankafukula mitembo ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy, ndipo chichokereni kumeneko si iwo aja ndinkawadziwa. Amadzidzimuka usiku thukuta lili kamukamu. Mvula ikamagwa padenga amangoyendayenda m'nyumba. Ayamba kumwa, ndipo kutchalitchi kumene ankaimba kwaya anasiya. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Mulungu wakoyo anali kuti pamene ana aja ankakwiririka?" Amayi anzanga a kumapemphero akuti ndi mizimu ya akufa aja, tipite nawo kuphiri. Alamu anga akuti kuchipatala, koma eniakewo akuti sali amisala. Ndichite chiyani?

Yankho: Mayi, zikomo polemba. Sindingapime munthu amene sindinamuone, choncho mawu angawa asalowe m'malo mokaonana ndi wachipatala. Komabe zimene mwafotokozazi si zachilendo kwa ife ogwira ntchito ya umoyo wa maganizo. Zili ndi dzina, zili ndi chithandizo, ndipo ambiri amachira. Bambowo akunena zoona kuti sali amisala. Sindikuganizanso kuti anamutaya Mulungu, pakuti amene wamutaya samufunsanso kuti anali kuti.

Tikumbutsane zimene anaona. Pakati pa Marichi 2023 matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku, n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja anthu ali m'tulo. M'dziko lonse amene anafa kapena kusowa anaposa 1,000. Ofukula aja, apolisi, asilikali, a Red Cross ndi anyamata a m'makwalala, ambiri analibe chida china choposa khasu ndi fosholo, ndipo khasu likagunda chinthu chofewa ankaliika pambali n'kuyamba kukumba ndi manja. Ife tinaona pa foni kwa mphindi zochepa n'kuzimitsa. Iwo anabwerera mawa lake, ndi mkuja, fungo likukula tsiku ndi tsiku, abale a osowa ataima pambali akuwayang'ana m'maso.

Ndipo ndikukayika ngati Freddy anali katundu wawo woyamba. Wapolisi amene wagwira ntchito zaka 10 wanyamulapo anthu pangozi ya minibasi pamsewu wa M1, waimirirapo pamene achipatala akupima mtembo kumochale, wamvapo mwana wa zaka zochepa akufotokoza zimene anamuchita malume ake, wafikapo pamalo pamene gulu lawotcha woganiziridwa kuba. Akabwera kunyumba mumamupatsa madzi osamba ndi nsima, ndipo iye amangoti, "Kunali ntchito yambiri." Kawirikawiri tsoka lalikulu limangofika pomaliza, pamwamba pa zambiri zimene munthu wakhala akumeza.

Chimene chikuchitika m'thupi mwawo ndi ichi. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala kamene ntchito yake ndi kuchenjeza za ngozi. Kakachenjeza, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline: mtima umathamanga, minofu imakungika, tulo timathawa. N'zimene zimathandiza munthu kukumba maola ambiri osamva kutopa. Kwa anthu ambiri, zoopsa zikatha, thupi limabwerera mwakale m'masabata angapo. Kwa ena silibwerera. Limakhala ngati galu amene akuba anamugendapo usiku, amene tsopano amauwa ngakhale mango akagwa padenga. Mvula pamalata, fungo la dothi lonyowa, kulira kwa mwana wa aneba, zonsezi thupi limaziwerenga ngati matope akubweranso, ngakhale mutu ukudziwa kuti ali pabedi pawo. Zikapitirira mwezi umodzi, munthu n'kumalota zomwezo, kupewa chilichonse chomukumbutsa, kupsa mtima msanga ndi kudziona wolakwa, madokotala amati ndi PTSD, kutanthauza matenda a nkhawa obwera pambuyo pa zoopsa. Matendawa analembedwa m'mabuku a madokotala mu 1980, pambuyo poona zimene zinkachitikira asilikali a ku America obwerera kunkhondo ya ku Vietnam. Kafukufuku wa mu 2012, amene anaphatikiza zopeza za m'mayiko ambiri, anaonetsa kuti mwa ogwira ntchito yopulumutsa anthu, pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse amakhala nawo, ndipo a m'maambulansi ndiwo amachuluka. Ndiye kuti pa pelete ya m'mawa pasiteshoni yawo, amuna anu si okhawo amene sanagone.

Mowawo musauone ngati khalidwe latsopano longobwera. Akuugwiritsa ntchito ngati mankhwala a tulo. Vuto lake, mowa umagonetsa msanga koma umasokoneza tulo ta m'bandakucha, ndipo maloto oipa amabwera mwamphamvu pamene ukutha m'thupi. Mawa lake pamafunika wochulukirapo.

Tsopano nkhani ya mapemphero, imene ndikuona kuti ndiyo yakuvutani kwambiri. Anthu akukuikani pamphambano, kuphiri uku, kuchipatala uku, ngati kuti mukasankha kumodzi mwanyoza kwinako. Mwana akadwala malungo timapemphera tili pamzere wa LA, ndipo palibe amatinena kuti tachepa chikhulupiriro. Funso lenileni ndi lakuti: ndi mapemphero otani amene angawathandize, ndipo ndi otani amene angawapweteke?

Katswiri wina wa ku America, Kenneth Pargament, anathera zaka zambiri akufufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito chipembedzo pamavuto. Anapeza kuti chipembedzo chimagwira mbali ziwiri. Amene amaona Mulungu ngati woyenda nawo m'vuto, amene mpingo wawo umawayandikira, kawirikawiri amapirira bwino. Koma amene amakhulupirira kuti Mulungu akuwalanga, kapena wawasiya, kapena kuti chimene chawagwera ndi ntchito ya ziwanda, nkhawa ndi kukhumudwa kwawo zimakonda kukula. Taganizirani mutawatengera kuphiri, anthu n'kuwazungulira, kuwagwira mutu, kufuula m'khutu kuti "Tuluka!", usiku wonse osagona, mwinanso atasala kudya. Thupi lawo lili kale tcheru ndi phokoso ndi kugwidwa mwadzidzidzi. Akatsika, maloto aja n'kubweranso Lachiwiri, adzawauza chiyani? Kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa, kapena kuti pali tchimo limene akubisa. Munthu amene anapita ndi bala limodzi amabwerako ndi awiri. Amayi anzanuwo akufuna zabwino, sindikuwanyoza, koma ine sindingakulangizeni njira imeneyo.

Komabe mawu awo akuti "ndi akufa aja" ali ndi kanthu kena koona, ngakhale ine ndingakatchule mwina. Kwathu kumudzi, wokhudza maliro sankangobwerera kumoyo wa tsiku ndi tsiku ngati palibe chachitika. Adzukulu amadziwika, amapatsidwa chakudya chawo, ndipo akamaliza kumanda pamakhala kusamba. Ofedwa amakhalitsidwa pasiwa, kenako kumabwera kumeta. Mudzi wonse umavomereza kuti amene wagwira mtembo wasenza chinthu, ndipo pamafunika nthawi ndi anthu kuti achitule. M'Baibulo zilimonso: pa Numeri 31, ankhondo obwerera, pamodzi ndi aliyense wokhudza wophedwa, anauzidwa kukhala kunja kwa msasa masiku 7 akudziyeretsa asanalowenso pakati pa anthu. Amuna anu anagwira ntchito ya adzukulu kwa anthu ambirimbiri osawadziwa n'komwe, ena mwa iwo ana a msinkhu wa ana anu, kenako anachapa yunifomu n'kukaonekera kukaunta. Panalibe wowasambitsa m'manja, panalibe siwa yawo. Amati "ndi ntchito yake". Pamenepa ndiye mpingo ungachite chimene ife achipatala sitingathe: mbusa kapena wansembe kukhala nawo pansi, kutchula akufawo pamaso pa Mulungu, kuwapempherera kapena kuwakumbukira monga mwa mwambo wa mpingo wanu, ndi kunena poyera kuti ntchito imene bambowa anagwira inali yolemekezeka. Shehe angachitenso chimodzimodzi kwa wapolisi wachisilamu.

Funso lawo lija, lakuti Mulungu anali kuti, musathamangire kuliyankha. Ndikudziwa limakuopsani, limamveka ngati mwano. Koma lili m'Masalimo, ndipo Yesu mwini analifunsa pamtanda. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima, popanda vesi lotonthoza kumapeto, ndipo analisiya momwemo m'buku. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba pamene anangokhala naye chete. Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake wavutika, ndipo pomaliza Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu wodandaula uja. Tsiku lina akadzafunsanso, mungoti, "Inenso sindikudziwa, bambo. Munaona chiyani kumeneko?" Akakana kufotokoza, asiyeni. Akayamba, musawadule ndi vesi.

Ndimakondanso kukumbutsa abusa nkhani ya Eliya pa 1 Mafumu 19. Mneneri wamkulu, atangochoka kumene pa chigonjetso cha paphiri la Karimeli, anathawira kuchipululu n'kupempha kuti afe. Mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso, ndipo anachita zimenezi kawiri. Zokambirana zinadza pambuyo, ndipo Mulungu anamupatsanso mnzake woyenda naye, Elisa.

Pali chinthu china chimene mwina sanakuuzeni, ndipo chingakhale chifukwa chenicheni chosiyira kwaya. Ambiri opulumutsa anthu savutika ndi mantha okha, amavutikanso ndi mlandu umene amadziimba okha mumtima. Mwina anamva mawu pansi pa matope koma pofika anapeza munthu atazizira. Mwina anasankha kukumba nyumba iyi n'kusiya iyo. Mwina analamulidwa kuchoka pamalo mayi wina akuwagwira mwendo kuti mwana wake akadali momwemo. Kwa apolisi zimachitikanso pa zionetsero, pamene munthu walamulidwa kuchita chimene chikumbumtima chake chikukana, kapena waona mnzake akuchita choipa iye n'kukhala chete. Akatswiri amati ili ndi bala la chikumbumtima, ndipo mapiritsi salifika. Munthu wotere amathawa tchalitchi chifukwa amadziona wosayenera kuima kutsogolo atavala yunifomu ya kwaya. Kumuuza kuti "sunalakwe" sikulowa. Amafunika wina womumvera mpaka kumapeto osanyansidwa, kenako n'kumuthandiza kusiyanitsa chimene chinali m'manja mwake ndi chimene chinali choposa munthu wa khasu limodzi, ndipo ngati palidi cholakwa, kumuonetsa njira ya kulapa ndi kukhululukidwa. Mbusa wodekha amaitha ntchito imeneyi kuposa ambiri a ife.

Ndiye sankhani mbusa mosamala. Apolisi ali ndi abusa awo a pantchito, monganso asilikali, ndipo ubwino wawo ndi wakuti amadziwa moyo wa kulayini, safunika kuwafotokozera kuti kulondera usiku n'chiyani. Koma apolisi ena amaopa kuti nkhani ifika kwa bwana, n'kuwalanda mwayi wokwezedwa kapena kuyamba kunenedwa kuti "mutu unasokonekera". Mantha amenewo musawapeputse. Afunseni eniakewo amene angamukhulupirire. Chizindikiro cha mbusa woyenera n'chosavuta: amamvetsera kuposa kulankhula, sasandutsa nkhani yanu chitsanzo cha ulaliki wa Lamlungu, ndipo akamva za chipatala amati "pitani, tikupemphererani", osati "tayani mankhwalawo".

Tisanafike kuchipatalako, pali chinthu chofunika lero lomwe. Mwamuna wosagona, womwa mowa, wodziimba mlandu, amene ntchito yake imamupatsa mfuti, ayenera kufunsidwa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Ziwerengero zimene apolisi eniake amalengeza chaka ndi chaka zimasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, omwe aja tinawalera ndi mawu akuti mwamuna salira. Kufunsa sikumuika munthu ganizo m'mutu. Kafukufuku waonetsa zimenezi mobwerezabwereza, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Sankhani nthawi imene sanamwe, ana atagona, munene kuti, "Bambo, ndikuona mukuvutika. Kodi zimafika poganiza zochotsa moyo wanu?" Akavomera, kapena mukamva mawu ngati "mudzasamale ana", kapena akayamba kugawa zinthu zawo ndi kulongosola za ngongole mosayembekezeka, musawasiye okha ndipo musadikire Lolemba. Itanani alamu anuwo, chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe ndi a mbewu, mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Mnzawo wapamtima wa kuntchito kapena mbusa wa apolisi athandize kuti kwa kanthawi asapatsidwe mfuti. Adzakukwiyirani, inde. Mkwiyo umenewo mudzaupirira.

Mawu akuti chipatala cha maganizo anthu akangowamva amaganiza za kugonekedwa ku Zomba Mental Hospital. Ambiri a vuto ngati ili sagonekedwa n'komwe. Ku Queens ku Blantyre kuli kiliniki ya odwala maganizo oyendera, m'zipatala za m'maboma mumakhala anamwino kapena makiliniko ofesa ophunzira za maganizo, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Popeza eniake akukana dzina la misala, musalimbane nawo pa dzina. Lowerani pa tulo: "Tiyeni tikaonane ndi adokotala za kusagonaku." Palibe mwamuna amachita manyazi ndi kusowa tulo, ndipo simukunama, pakuti wachipatala adzayambira pomwepo.

Chithandizo chimene chaonetsa mphamvu kwambiri ndi chokambirana, koma osati kucheza wamba. Mu 2013 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza njira ziwiri: CBT yolunjika pa zoopsa zimene munthu anaona, ndi ina yotchedwa EMDR, imene munthu amayendetsa maso uku ndi uku pamene akukumbukira zoopsazo. Mu CBT, wophunzitsidwa amamuthandiza munthu kubwerera ku chimene chinachitika pang'onopang'ono, ali pamalo otetezeka, mpaka thupi litaphunzira kuti zija zinatha, komanso kuunika maganizo onga "ndikanafulumira akanakhala moyo". Nthawi zambiri zimatenga maulendo 8 mpaka 12. Masabata oyamba amawawa, ndipo ndi pamene ambiri amathawa, choncho mudziwiretu. Odziwa njirazi kwathu kuno ndi ochepa, ndiye funsani mwachindunji ngati alipo kapena angakutumizeni kuti. Ngati pali kukhumudwa kwakukulu, dokotala angalembe mankhwala monga fluoxetine, amene amatenga masabata angapo kuti ayambe kumveka, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Chimene ndikukuletsani ndi kugula diazepam, uja ambiri amati valiyamu, kuti azigona. Amazolowereka msanga, sachiza PTSD, ndipo akaphatikizana ndi mowa angathe kuimitsa kupuma. Za mowanso, ngati akumwa tsiku lililonse ndipo m'mawa manja amanjenjemera, asasiye lero ndi lero chifukwa cha lonjezo la paguwa. Kusiya kotero kungabweretse kukomoka ndi kuona zinthu zimene palibe patatha masiku awiri kapena atatu. Asiye mothandizidwa ndi achipatala.

Ndipatuke pang'ono, mwina akuluakulu a polisi kapena a ozimitsa moto akuwerenga. Kusonkhanitsa anyamata mawa lake la ngozi n'kukakamiza aliyense kufotokoza zimene waona sikuteteza ku PTSD, ndipo WHO imalangiza kuti zisamachitike. Chothandiza n'chosavuta kuposa pamenepo: chakudya, kupuma, kusinthana pantchito yolemera, bwana wofunsa kuti "wagona bwanji?" pakatha sabata ndi pakatha mwezi, ndi kudziwa kotumiza amene sakubwerera mwakale. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu a nkhawa atakhala pabenchi panja pa kiliniki, ntchito yotchedwa Friendship Bench, ndipo inathandiza ambiri. Ngati agogo anaphunzira, sajenti mmodzi pasiteshoni iliyonse angaphunzirenso.

Inu mayi, pempherani, ndipo musabise kuti mukuwapempherera, koma musasandutse pemphero chikwapu. Kuwadzutsa 4 koloko m'mawa kuti agwade, kapena kuitana gulu kunyumba osawafunsa, kudzangowathamangitsira kumowa. Ngati pali mnzawo mmodzi wa kwaya amene ankagwirizana naye, abwere adzangocheza, aonere mpira, osatchula za kujomba kwawo. Ana auzeni mwachidule kuti adadi anaona zinthu zowawa kuntchito ndipo akudwala, si chifukwa cha iwo. Koma kudwala sikupereka chilolezo chomenya kapena kuopseza. Zikafika pamenepo, inu ndi ana muyambe mwakhala pamalo otetezeka, ankhoswe adziwe, ndipo kukhala kwawo wapolisi kusakutsekeni pakamwa. Nanunso pezani munthu mmodzi wosunga chinsinsi womutulira nkhawa, pakuti kugona pafupi ndi munthu wodzidzimuka usiku kumadwalitsa.

Popita kuchipatala, tengani kapepala. Ambiri akafika pamaso pa namwino amangoti "ndili bwino, ndi kutopa chabe", ndipo mzere ukakhala wautali nkhani imathera pa panado. Lembani mmene agonera m'masabata awiri apitawa, kuti amadzuka kangati, amamwa masiku angati pa sabata ndiponso mochuluka bwanji, zimene zimawadzidzimutsa, mawu alionse okhudza imfa amene ananenapo, ndi kuti zonsezi zinayamba pambuyo pa Freddy. Awonetseni kapepalako musananyamuke, kuti asadzaone ngati mwawatchera msampha, ndipo pemphani kuti mulowe nawo limodzi mphindi zoyamba, kenako mutuluke alankhule okha.